Turbo yotchipa imafuna zambiri kuposa sipanala

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ndalemba kalatayi nditawerenga nkhani ya patsamba lanu la magalimoto, ija yotamanda maturbo otsika mtengo amene munthu angagule n'kumangirira pa galimoto yake ya ku Japan osatsegula injini. Mlembi wanu sananame ponena kuti zipangizozi zachuluka ndiponso zatchipa kusiyana ndi kale. Pamene ndasiyana naye ndi poti wachititsa owerenga kuganiza kuti ntchito yonse ndi kumasula mabawuti, kuchotsa turbo yakale, kukhazika yatsopano, kumanga, basi galimoto yasanduka ya mpikisano. Ine ndine makanika, imvi zandimerera ndili chiweramire m'maboneti a Subaru, Nissan ndi Mitsubishi, ndipo mainjini ambiri amene ndawatsegula atanoka anaphedwa ndi maganizo amenewa.

Musandimve molakwa, turbo ndimaikonda. Nissan Silvia yanga yakale ikuyendera turbo imene sinabwere nayo kuchokera ku fakitale. Chimene ndikufuna achinyamata owerenga nyuzipepala ino amve n'chakuti mtengo wolembedwa pa katoni ya turbo ndi kachigawo chabe ka ndalama zimene ntchitoyi imadya. Njira yotchipa yeniyeni ilipo, koma si ija otsatsa malonda pa intaneti amaionetsa ndi zithunzi zonyezimira.

Ambiri amagula turbo asanamvetse chimene imachita. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani kamene kali m'chigoba chachitsulo. Kafaniko kali pa shafiti imodzi ndi kanzake ka mbali inayo, kamene kamakoka mpweya wakunja n'kuupanikizira m'masilinda. Nzeruyi ndi yakale: Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905, ndipo ku Japan galimoto yoyamba kugulitsidwa ili ndi turbo inali Nissan Cedric ya 1979 pamodzi ndi mbale wake Gloria. Shafitiyo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo mbali ya utsi imatha kutentha kupitirira madigiri 900 galimoto ikamakoka mwamphamvu. Boost, kutanthauza kupanikizika kumene turbo imawonjezera, ikafika 1 bar ndiye kuti mpweya wolowa wapanikizika pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi wakunja. Koma mphamvu imachokera ku petulo amene wapsa, ndipo turbo imangopereka mpata woti petulo wambiri apse. Injini ikamayenda mofatsa imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, potengera kulemera kwake. Ikakhala pa boost, otchuna kompyuta ya injini amatsitsa kufika cha m'ma 11.5 kapena 12, kuti petulo wowonjezerayo aziziziritsa m'silinda. Mukawonjezera mpweya osawonjezera petulo mwachita ngati wosula amene walimbikira kupopa mvukuto: moto umayera, chimene chili pamotopo n'kusungunuka. Pano chili pamoto ndi pisitoni yanu, ndipo ndi ya aluminiyamu.

Mbiri yakuti mainjini a ku Japan amapirira chilichonse ili ndi pochokera. Kuyambira 1989 mpaka 2004 makampani a kumeneko anali ndi pangano losalembedwa m'malamulo loti asalengeze mphamvu yoposa mahatchi 280 pa galimoto yogulitsa kwawoko. Inadzathetsa panganolo ndi Honda Legend ya 2004, ya mahatchi 300. M'zaka zimenezo mainjiniya ankapanga injini yotha kupirira zambiri, kenako n'kuibweza kuti igwirizane ndi zolembedwa papepala. Injini ya RB26DETT ya Nissan Skyline GT-R ya R32, imene inatuluka mu 1989, anaipangira mpikisano wa Group A, ndipo galimotoyo inapambana mipikisano yonse 29 imene inalowa mu Japanese Touring Car Championship kuyambira 1990 mpaka 1993. 2JZ-GTE ya Toyota Supra ya 1993 ndi 4G63 ya Mitsubishi Lancer Evolution nazo zili ndi mabuloko achitsulo olimba kwabasi. Makampani opanga zipangizo zowonjezera mphamvu ngati HKS, imene Hiroyuki Hasegawa anayambitsa ndi mnzake mu 1973 m'munsi mwa phiri la Fuji, ndi Trust, eni dzina la GReddy, anakulira pa mpata umenewu wa mphamvu yobisika.

Zonsezi n'zoona, koma werengani zaka. R32 ya 1989 yadutsa zaka 30 kalekale. Silvia S15, Skyline GT-R ya R34, Supra ya A80 ndi RX-7 ya FD, zonse anasiya kuzipanga mu 2002. Mbiri ija ndi ya injini yatsopano, yamaring'i athanzi. Imene ili m'manja mwanu yadutsa kwa eni ake angapo, pampu ya petulo yatopa, mapaipi a labala auma mpaka kumathetheka mukawapinda, ndipo simudziwa kuti oilo ankasinthidwa liti. N'chifukwa chake munthu akabwera kwa ine ndi katoni ya turbo m'manja, ndimamuuza kuti aiike pambali kaye, tiyeze kompuresheni ya silinda iliyonse. Silinda imodzi ikatsalira kwambiri anzake, nkhani ya turbo yathera pomwepo mpaka injini itachira. Ena amakwiya n'kupita kwa makanika wina wosafunsa mafunso. Sindiwaletsa.

Tsono njira yotchipa ija ndi iti? Ndi kutenga turbo ya mkulu wake wa galimoto yanu. Makampani a ku Japan ankakhala ndi injini imodzi zaka zambiri, n'kumakuza turbo pang'onopang'ono, choncho ya mtundu wapamwamba kapena ya chaka chotsatira kawirikawiri imakhazikika pamalo omwewo. Chitsanzo chimene ndachigwira ndi manja angawa ndi injini ya Nissan ya SR20DET. Mu Silvia S13 inali ndi turbo ya Garrett T25 ndi mahatchi 205. Mu S14 anaikamo T28, mphamvu n'kufika 220. Mu S15 Spec R ya 1999, T28 ija inabwera ndi mabering'i a timipira, mahatchi n'kufika 250. Pakamwa pa maturbo atatuwa mpofanana, mabawuti anayi pa manifodi yomweyo. Mukafuna kuika ya S15 pa S13 musintha timapaipi ta oilo ndi ta madzi, mukonza zigongono za mpweya wolowa ndi wotuluka, koma simudula kapena kuwotcherera chinthu chachikulu. Imeneyi ndiye ili pa yanga. Imadzuka msanga, moti potuluka pa kona simuyembekezera kalikonse, phazi likangotsika galimoto yayankha. Komabe sinabwere yokha. Mainjekita a S13, tija topopera petulo mu injini, ndi a 370cc ndipo amafika pamapeto msanga boost ikakwera, ndiye ndinaika okulirapo, pampu yatsopano, choyezera mpweya cha 300ZX ya Z32, kenako kompyuta ya injini inakatchunidwa kuti zonsezi zimvane. Ndikaphatikiza, turboyo sinali chinthu chodula kwambiri pa mndandandawo.

Kwa a Subaru nkhani ndi yofanana, koma ili ndi msampha. Impreza WRX wamba ya m'ma 2000 inkabwera ndi TD04L ya Mitsubishi, kakang'ono, kodzuka msanga koma kotha mpweya rpm, liwiro lozungulira la injini, ikakwera. STI, mkulu wake wa WRX, inkabwera ndi maturbo a IHI, aja a mayina oyamba ndi VF. VF30, VF34 ndi VF39 zimakhala pa mapaipi a WRX popanda mavuto ambiri. Koma VF36 ndi VF37, za STI zogulitsidwa ku Japan, ndi za twin-scroll: utsi umalowa m'njira ziwiri zosiyana, ndipo zimafuna manifodi yakeyake, mapaipi akeake a utsi wolowa ndi wotuluka mu turbo (up-pipe ndi downpipe), mpaka sampu ya oilo ina. Ndinaonapo bambo wina atagula VF37 akusekerera kuti watola mwayi. Anaisunga pa shelefu mpaka inachita fumbi, chifukwa zotsalazo zinali zodula kuposa turboyo. Wogulitsa sanamunamize, analembadi kuti ndi ya Impreza. Anangosiya kunena kuti Impreza yake iti.

Lancer Evolution nayo ili ndi malire ake. Mu 1996, pa Evo IV, Mitsubishi anatembenuza injini m'boneti, ndipo turbo yake inayamba kuzungulira chobwerera, motero ya Evo III ndi ya Evo IV sizisinthana. Koma turbo ya Evo IX ya 2005 imakhala pa Evo VIII ndi timapaipi tingapo chabe, ndipo ambiri amakhutira nayo.

A GT-R vuto lawo ndi lina. Maturbo awiri a RB26 wamba ali ndi mafani a seramiki kumbali ya utsi. Seramiki ndi yopepuka, n'chifukwa chake amadzuka msanga, koma boost ikamapitirira 1 bar fani imatha kuthothoka pa shafiti n'kusweka. Zidutswa zambiri zimapita ku ekizosi, koma nthawi zina fumbi lake limabwerera m'silinda n'kukanda makoma. Ma GT-R a mtundu wa N1, opangidwira mpikisano, anali ndi mafani achitsulo. Lero Garrett ali ndi ma GT2860R ndi GT2859R okhala pamalo omwewo, amene anthu amangowatchula kuti -7, -9 ndi -5. Awiri oyambawo ndi aang'ono ndipo amayankha msanga, -5 ndi yokulirapo. Pa galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse ine ndimalozera ang'onowo, ngakhale mwini wake maso ali pa -5. Supra zogulitsidwa ku Japan nazo zinali ndi mafani a seramiki, pamene zotumizidwa kunja zinali ndi achitsulo.

Njira ina yosadya ndalama zambiri ndi kumanganso turbo yanu yomweyo: chigoba chomwecho, mabering'i atsopano, fani yokulirapo pang'ono kumbali ya mpweya. Chilichonse chimabwerera pamalo pake chifukwa kunja sikunasinthe. Funso lofunsa wokonzayo ndi limodzi: kodi ali ndi makina oyezera balansi ya shafiti ikuzungulira mothamanga? Ngati alibe, nyamulani turbo yanu mubwerere.

Popeza maturbo a mkulu wake amenewa ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndifotokoze mmene ndimaonera ndikaigwira. Ndimalowetsa zala ziwiri pakamwa pa mpweya, n'kugwira nati ya pakati pa fani. Ndikaigwedeza cham'mbali, turbo ya mabering'i wamba imaloledwa kusewera pang'ono, chifukwa shafiti yake imayandama pa oilo ndipo pano ndi youma. Koma mapiko asakhudze chigoba. Ndikaikoka kutsogolo ndi kumbuyo isasunthe mpang'ono pomwe; ikati gwede, bering'i yoletsa kukankha yatha. Kenako ndimaunika ndi tochi m'mphepete mwa mapiko. Akakhala osalala ngati onoledwa ndi mchenga, galimotoyo inkayenda ndi sefa ya mpweya yoboola. Akakhala ndi mano, inameza kanthu. Ndimatembenuza kumbali ya utsi, n'kuyang'ana kabowo ka wastegate, kamene kamatulutsa utsi wina molambalala fani kuti boost isapitirire muyeso: ming'alu ing'onoing'ono pamenepo ndi ya ukalamba, koma mng'alu wodutsa pamene kachitseko kamatseka ndiye kuti boost izithawira pomwepo. Pomaliza ndimanunkhiza ndi kuyang'ana polowera oilo. Mukakhala makala akuda olimba, mwini wake ankazimitsa injini turbo ili yofiira.

Tsopano za maturbo opanda dzina aja a pa intaneti, amene nkhani yanu inawakometsa kwambiri. Sindinena kuti onse ndi oipa. Ndaonapo ena akuyenda zaka. Vuto lake n'lakuti awiri ochokera m'katoni yofanana sakhala ofanana, ndipo simudziwa kuti mwatola uti. Mnyamata wina anandibweretsera yotere kuti ndimuikire pa Silvia yake. Kunja inali yokongola, fani yonyezimira, chigoba chopukutidwa bwino. Nditaika rula yachitsulo pakamwa pake, kuwala kunkadutsa pansi pa rulayo mbali imodzi: gasiketi ikanapsa m'masiku ochepa. Nditathira petulo pang'ono polowera oilo n'kukhuthulira pa pepala loyera, panatsala timchenga takuda ndi tizitsulo tonyezimira totsalira popanga. Timeneti tikanapita molunjika m'mabering'i injini ikangolira. Kabowo ka wastegate kanali kakang'ono poyerekeza ndi kukula kwa turboyo, ndipo sipuling'i yake nditaiyesa ndi pampu yamanja inatseguka mochedwa kuposa zimene zinalembedwa pa pepala lake. Ndinamuuza kuti zonsezi zikhoza kukonzedwa, koma ntchito yake idya ndalama zimene ankaganiza kuti wapulumutsa. Anaona ngati ndikufuna kumudyera, anakaiikitsa kwina, osakhudza kompyuta kapena mainjekita.

Galimotoyo inabweranso kwa ine pa chingwe. Kabowo kakang'ono kaja kanalephera kutulutsa utsi wokwanira, boost inkangokwera yokha rpm ikamakwera, petulo osakwanira. Titachotsa hedi, pisitoni imodzi inali itadyeka m'mphepete, pamwamba pake pali mabangamabanga ngati pojompha nkhuku, ndipo kachidutswa ka pakati pa maring'i kanali katathyoka. Pulagi ya silinda imeneyo inali yoyera mbuu, kansonga kake katasungunuka. Iye anati anamvako kaphokoso ka ke-ke-ke pokwera mtunda, koma anayesa kuti ndi mbale ya pansi pa galimoto yamasuka. Kaphokoso kameneko ndi petulo akuphulika yekha m'malo mopsa mwadongosolo, ndipo pa boost masekondi ochepa okha amakwanira kuwononga injini. Injini za Subaru, makamaka EJ25, n'zodziwika kuti sizipirira zimenezi, ndipo RX-7 ya Mazda ndiye sipereka n'chenjezo lomwe: tizitsulo ta pansonga za rotor, chozungulira chimene injini yake ya 13B-REW ili nacho m'malo mwa mapisitoni, timathyoka kamodzi n'kamodzi.

Palinso matenda ofuna turbo yaikulu. Otsatsa amalemba nambala ya mahatchi imene turboyo ingafikire, wogula n'kusankha ya nambala yaikulu chifukwa mtengo sukusiyana kwambiri. Injini ya malita awiri ilibe utsi wokwanira kuzunguza fani yaikulu rpm ili pansi. Mumaponda, galimoto ili zii, kenako singano ikafika chapamwamba mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi, matayala n'kutsetsereka, ndipo pasanapite nthawi muyenera kusintha giya. Pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, nambala imasangalatsa. Popitirira lole pamsewu wopapatiza, galimoto ya turbo yaing'ono yatha kale ntchito inu mukudikirabe. Ine ndimafunsa mwini galimoto kuti singano ya rpm imakhala pati tsiku ndi tsiku. Yankho lake ndi limene limasankha turbo.

Walira mvula walira matope. Turbo yokulirapo ikangolowa, pampu ya petulo iyenera kukwanitsa, ndipo ambiri amaika ya malita 255 pa ola. Mainjekita ayenera kukhala ndi mpata wotsala, osati kugwira ntchito atatsegula kotheratu. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndiye intercooler iyenera kuuziziritsa. Ya Subaru ili pamwamba pa injini ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali imamwa kutentha konse kwa m'boneti, moti kuponda mwamphamvu mukangonyamuka pamzere wa magalimoto ndi kuyesa mwayi. Mapulagi amafunika ozizirirapo, mpata wake wochepetsedwa, kuti moto usazime pa boost. Kilachi yakale imayamba kuterereka m'magiya apamwamba. Geji ya boost ndi ya wideband, imene imayeza utsi n'kuonetsa ngati petulo akukwanira poyerekeza ndi mpweya, si zokongoletsera dashibodi. Ndi maso anu okhawo oona zimene zikuchitika m'silinda.

Chachikulu pa zonsezi ndi kutchuna kompyuta. Kompyuta ya fakitale imadziwa turbo ya fakitale basi. Ina ikaona mpweya wopitirira muyeso imadula petulo mwadzidzidzi, galimoto n'kugwedezeka ngati yagunda chinthu. Anthu ena amagula kabokosi konamiza kompyuta kuti isadule. Kumeneko ndi kuchotsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba. Wotchuna wodziwa ntchito amaika galimoto pa dyno, amavala zomvera m'makutu zolumikizidwa ku buloko kuti amve kaphokoso kaja kasanakule, n'kumakweza boost pang'onopang'ono akusintha petulo ndi nthawi ya moto. Mapu, aja mafayilo otchunira kompyuta otumizirana pa intaneti, analembedwera galimoto ya munthu wina, ya mainjekita ena, yomwa petulo wina. Za petuloyu n'zofunika kwambiri: petulo wapamwamba wa ku Japan amafika pa octane (muyeso wa mmene petulo amapirira osaphulika yekha) pafupifupi 100, ndipo magalimoto amphamvu opangidwira msika wa kumeneko anatchunidwira petulo ameneyo. Kulikonse kumene pampu imapereka octane yotsikirapo, injiniyo yayandikira kale malire isanakhudzidwe n'komwe. Wotchuna ayenera kugwiritsa ntchito petulo amene inu muzithira tsiku ndi tsiku, osati wapadera wa tsiku la dyno lokha.

Nkhani yanu inasakaniza magalimoto obadwa ndi turbo ndi aja obadwa opanda, ngati kuti ntchito yake ndi imodzi. Si imodzi. Toyota 86 ndi Subaru BRZ za 2012 zili ndi injini ya FA20 ya mahatchi 200 ndi kompuresheni ya 12.5:1, pamene mainjini a turbo ndatchula aja ali cha m'ma 8 kapena 9. Kompuresheni yokwera imasiya mpata wochepa kwambiri wa boost. Kuwonjezera apo mulibe paipi ya oilo yopita ku turbo, mulibe pobwerera oilo ku sampu, mulibe intercooler, mulibe manifodi yoyenera. Zonsezi n'zogula ndi kuboola. Makiti abwino a 86, a Mazda MX-5 ndi a Honda S2000 alipo ndipo amagwira ntchito pa boost yochepa, koma amene akukuuzani kuti ndi ntchito yotchipa ya Loweruka limodzi sanaigwirepo.

Kwa amene wawerenga zonsezi ndipo akufunabe kumanga yekha, maturbo atsopano ambiri amene ndawaona atafa msanga anafa ndi oilo, osati boost. Paipi yakale yobweretsa oilo imakhala ndi makala mkati, choncho isinthidwe kapena itsukidwe mpaka iyere. Turbo ya mabering'i a timipira imafuna oilo wochepa, ndiye imafuna kachochepetsera pa paipiyo. Mukapanda kuika, oilo amadutsa m'masilo n'kumatuluka utsi wabuluu, inu n'kumati turbo ndi yabodza. Paipi yobwezera oilo ikhale yotakata ndi yotsetsereka, yopanda pokhota poti oilo angaime, chifukwa palibe chimene chimamukankha koma kulemera kwake. Musagwiritse ntchito silikoni pa gasiketi za oilo, kachidutswa kake kamatseka kabowo. Musanalize injini, thirani oilo polowera, zunguzani fani ndi chala, kenako zunguzani injini ndi sitata moto ndi petulo zili zodula mpaka nyali ya oilo izime. Ndipo mukachoka pothamanga, yendani mofatsa mphindi zomaliza musanazimitse, kuti shafiti izizire oilo akuyendabe.

Mabuleki ndi matayala sindikhalitsapo, aliyense akudziwa kuti galimoto yothamanga iyeneranso kuima, ngakhale ndi ochepa amene amayambira kumeneko. Za malamulo, dziko lililonse lili ndi ake. Ku Japan komweko galimoto imapita ku shaken, kuyeza kolamulidwa ndi boma, ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo amayeza utsi ndi phokoso. N'chifukwa chake makampani a kumeneko amalemba poyera ngati chipangizo chawo n'chololedwa pamsewu kapena n'cha pabwalo la mpikisano pokha. Wa inshuwalansi naye auzidwe kuti injini yasinthidwa, chifukwa akadzazindukira yekha pambuyo pa ngozi akhoza kukana kulipira.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mukadzalembanso za maturbo, mtolankhani wanu asalekere pa mtengo wa katoni. Afunse wogulitsa kuti turboyo ndi ya injini iti ndi ya chaka chiti, ikufuna mainjekita a saizi yanji, sipuling'i ya wastegate imatseguka pa boost yanji, ndipo pepala la balansi lili kuti. Akatero apite kwa wotchuna, akhale pambali pa dyno tsiku limodzi, aone ntchito imene imatsatira mabawuti akamangidwa. Ngati angafune kuona pisitoni ya mnyamata uja, ndinaisunga, ndipo ndingamubwereke kuti aijambule.

Ndine wanu,
Makanika wowerenga tsamba la magalimoto